Mmene makampani a juga ya pafoni amachitira kuti munthu azingobwerera

Kampani yobetchetsa pafoni ikamakupatsani bonasi tsiku lomwe mwatsegula akaunti, imakhala itaononga kale ndalama pa inu. Yalipira malonda pa wailesi ndi pa TV, yalipira timu ya mpira kuti dzina lake likhale pachifuwa cha jezi, yalipiranso tsamba la pa intaneti kapena munthu amene wakulozerani njira. Mukabetcha kawiri katatu n'kusiya, kampaniyo yagwa nayo. Imayamba kukudyerani pokhapokha mukabweranso mawa, mkuja ndi mwezi wamawa. N'chifukwa chake m'makampani akuluakulu a juga muli madipatimenti athunthu a akatswiri a masamu, olemba mapulogalamu a kompyuta ndi ophunzira za kaganizidwe ka munthu, ndipo onsewa ntchito yawo ndi yoonetsetsa kuti amene walowa asafulumire kutuluka.

Kuti izi zimveke, tiyambe ndi kumene phindu la juga limachokera. Ambiri amaganiza kuti kampani imasangalala inu mukaluza ndipo imalira mukawina. Sizili choncho kwenikweni. Tiyerekeze kuti pali masewero a anthu awiri ofanana mphamvu, ndipo mmodzi ayenera kupambana basi. Ma odds (nambala yomwe ndalama yanu imachulukitsidwa nayo mukawina) achilungamo akadakhala 2.00 mbali iliyonse, koma kampani imaika 1.90. Wina waika K1,000 uku, mnzake K1,000 uko. Kampani yatolera K2,000, yapereka K1,900 kwa wowina, yatsala ndi K100. Amene wapambana ilibe naye ntchito. Gawo lake ndi K5 pa K100 iliyonse yobetchedwa, ndipo limabwera nthawi zonse.

Gawoli ndi lochepa. Kuti likule, ndalama yomweyo iyenera kuzungulira kambirimbiri. Munthu amene waika K10,000 mu akaunti n'kumabetcha K1,000, kuwina pang'ono, kubetchanso zomwe wawinazo, angathe kufika pobetcha K100,000 yonse pamodzi ndalama yoyamba ija isanathe. Kampani imadula gawo lake pa K100,000 imeneyo, osati pa K10,000. Mukamvetsa chimenechi, pafupifupi chilichonse chomwe mumaona pa app chimadzifotokoza chokha: mwina chikufupikitsa nthawi ya pakati pa kubetcha kumodzi ndi kwina, mwina chikuchedwetsa ndalama kuti isatuluke, mwina chikukuitanani mutachoka.

Dziko lomwe zimenezi zili poyera kwambiri ndi Britain. Lamulo la juga la kumeneko la 2005, lomwe lidayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2007, lidalola makampani kutsatsa malonda pa TV, ndipo mafoni amakono atafika juga idachoka m'mashopu n'kulowa m'thumba la aliyense. Bungwe loyang'anira juga la Gambling Commission likalipiritsa kampani chindapusa limasindikiza zomwe yalakwa, ndipo likaletsa njira ina limanena chifukwa chake. Ine ndimaona kuti mndandanda wa zomwe Britain idaletsa ndi umene umaphunzitsa bwino kuposa nkhani zonse zomwe makampaniwo amalemba zokhudza “kusangalatsa kasitomala”. Boma silingadzivutitse ndi kuletsa chinthu chomwe sichigwira ntchito.

Choyamba ndi liwiro. Kale munthu ankadula tikiti Lachisanu n'kudikira mpaka mpira utatha Loweruka madzulo. Pakati pamenepa pankakhala usiku wathunthu, ndipo mtima unkazizira. Kubetcha mpira uli mkati kudafupikitsa nthawiyo kufika pa mphindi zochepa: kona yotsatira ndi ya ndani, khadi yachikasu ituluka kodi, agoletse ndani chigoli chachiwiri. Magemu a slot apafoni, omwe zithunzi zimazungulira ndipo munthu amawina zofanana zikaima pa mzere umodzi, adafika pa masekondi. Kuyambira pa 31 October 2021, Gambling Commission idalamula kuti kuzungulira kumodzi kwa slot ya pa intaneti kusachepere masekondi 2.5, idaletsa mabatani ofulumizitsa gemu, idaletsanso batani lomwe limachititsa gemu kumadziseweretsa yokha munthu atangoyang'ana. Koma ngakhale pa masekondi 2.5, munthu angathe kubetcha ka 24 pa mphindi imodzi, ka 1,440 pa ola.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu satopa nazo? Yankho lake lidapezeka kale foni isanabwere. Katswiri wa ku America B. F. Skinner, m'zaka za m'ma 1950, ankayesa nkhunda ndi makoswe. Nkhunda ikajompha kabatani inkalandira chakudya. Adapeza kuti ikamalandira nthawi iliyonse, imasiya msanga chakudya chikaleka kubwera. Koma ikamalandira mosadziwika, pena itajompha katatu pena makumi anayi, imajomphabe kwa nthawi yaitali ngakhale palibe chikutuluka, chifukwa kujompha kotsatira kungathe kukhala komweko. Skinner mwiniwake adanena kuti juga imayenda chimodzimodzi.

Pamwamba pa zimenezi pali kuphonya pang'ono. Mu 2009 Luke Clark ndi anzake ku yunivesite ya Cambridge adaunika ubongo wa anthu akusewera gemu yofanana ndi slot. Pamene chithunzi chowinitsa chidaima malo amodzi okha kuseri kwa mzere, anthuwo ankanena kuti zawapweteka kuposa kuluza wamba, koma mbali za ubongo zomwe zimachangamuka munthu akawina zinkachangamukanso, ndipo chilakolako chopitiriza chinkakula, makamaka pomwe munthuyo adali atasankha yekha chithunzicho. Aliyense amene adadulapo tikiti ya matimu khumi, asanu ndi anayi n'kulowa, imodzi n'kumugwetsa pa mphindi ya 89, akudziwa zimenezi popanda makina ounikira. Tikiti yoteroyo yaluza mofanana ndendende ndi ija yomwe matimu onse adagwa, koma imatumizidwa pa gulu la WhatsApp ngati umboni wakuti mwiniwake amaudziwa mpira, ndipo Loweruka lotsatira amadulanso.

Njira ina ndi yochenjera kuposa pamenepa. Mwaika K500, gemu yabweza K200, koma foni ikuimba nyimbo, zithunzi zikuthwanima, pakulembedwa kuti mwawina. Zoona zake mwaluza K300. Mike Dixon ndi anzake ku yunivesite ya Waterloo ku Canada adaonetsa mu 2010 kuti thupi la wosewera limatengeka ndi kuluza kobisika kotereku pafupifupi mofanana ndi kuwina kwenikweni. Malamulo a 2021 aja adaletsa nyimbo ndi zithunzi zachikondwerero pamene ndalama yobwerayo ili yofanana kapena yochepera pa yomwe munthu waika.

Tsopano ndalama ikalowa, ituluka bwanji? Apa mpomwe app imafanana ndi mono wa nsomba: polowera n'potakasuka, potulukira n'popanikiza. Kuika ndalama kumatenga masekondi. Kutapa, kwa zaka zambiri ku Britain, kunkatenga tsiku kapena masiku, ndipo nthawi yonseyo pa skirini pankakhala batani lolola munthu kusintha maganizo n'kubweza ndalamayo mu akaunti yobetchera. Taganizirani munthu amene wawina usiku, wachita chanzeru kupempha ndalama yake, wagona. M'mawa akutsegula foni, ndalama ikadali pompo, pambali pake pali batani ndi mpira womwe uyambe masana. Ambiri ankadina. Gambling Commission idauza makampani kuti asiye zimenezi mu May 2020, nthawi ya Covid-19, ndipo mu 2021 idaziletseratu. Mu April 2020 idali italetsa kale kubetcha ndi khadi ya ngongole.

Batani la cash out limagwira ntchito yofananako ngakhale limaoneka ngati chifundo. Limakulolani kutenga ndalama masewero asanathe, koma mtengo womwe limapereka umakhala utadulidwanso gawo la kampani, ndipo ndalamayo imagwera mu akaunti mpira wina ukadali mkati, inu foni ili m'manja.

Bonasi ndi yofunika kuikhalira pansi, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amapusitsika ndi masamu. Kawirikawiri imabwera ndi lamulo lakuti muyenera kuibetcha kangapo musanatape chilichonse. Tinene kuti mwapatsidwa K10,000 ndipo lamulo likuti muibetche ka 35. Ndiye kuti muyenera kubetcha K350,000 yonse pamodzi. Ngati gemu yomwe mukusewera imabweza K96 pa K100 iliyonse, pa K350,000 mukuyembekezeka kutaya K14,000, yomwe ndi yoposa bonasi ija. Ochepa amwayi amadutsa, koma kwa ambiri mphatsoyo imatha asanafike pa mzere. Ndipo chomwe kampani yagula ndi bonasiyo si ndalama yanu yokha ayi. Yagula maola omwe mwakhala pa app yake mpaka zala zazolowera pamene pali batani lililonse. Mu 2025 Gambling Commission idalengeza kuti lamulo lotere lisapitirire ka 10, ndiponso kuti kampani isamapereke bonasi yokakamiza munthu kusewera mitundu iwiri ya juga, monga kubetcha mpira kuti alandire mwayi waulere pa slot. Chachiwirichi chili ndi chifukwa chake. Mpira uli ndi nyengo yopuma ndiponso masiku opanda masewero akuluakulu, pomwe slot ilibe. Wobetcha mpira akasamutsidwira ku slot amasanduka kasitomala wa tsiku lililonse, usana ndi usiku.

Munthu akachoka, amaitanidwa. App iliyonse imalemba zonse: nthawi yomwe mumalowa, timu yomwe mumaikonda, kuchuluka kwa zomwe mumaika, tsiku la mwezi lomwe mumaika zambiri (lomwe nthawi zambiri ndi tsiku la malipiro), ndi zomwe mumachita mukangoluza. Kuchokera apa kompyuta imagawa makasitomala m'magulu ndipo imalosera amene watsala pang'ono kusiya. Wokonda Arsenal amalandira uthenga Arsenal itatsala ola kuti iyambe. Amene wakhala masabata awiri osalowa amalandira mwayi wobetcha mwaulere. Mauthengawa salembedwa ndi munthu amene wakukumbukirani. Amatumizidwa okha kwa anthu masauzande nthawi imodzi, ndipo mitundu iwiri ya uthenga imayesedwa pa magulu awiri kuti aone umene wabweza anthu ambiri.

Makina oterewa akalakwitsa amalakwitsa pa anthu omwe samayenera kuwakhudza n'komwe. Mu November 2021 kampani ya Sky Betting and Gaming idatumiza uthenga wa mwayi waulere kwa anthu masauzande ambiri omwe adali atadzitsekera okha kuti asamabetchenso, ndipo mu 2022 idalipira chindapusa cha mapaundi 1.17 miliyoni. Mu 2017 kampani ya 888 idalipira mapaundi 7.8 miliyoni zitapezeka kuti anthu oposa 7,000 omwe adadzitsekera ankathabe kulowa mu akaunti zawo. Kuyambira mu 2020 kampani iliyonse ya pa intaneti yokhala ndi chiphaso cha Britain imayenera kukhala pa GAMSTOP, ndondomeko yomwe munthu amalembetsa kamodzi n'kutsekeredwa m'makampani onse.

Koma pachimake pa nkhaniyi pali makasitomala otchedwa VIP. Ndalama za juga sizichokera mofanana kwa onse. Komiti ya nyumba ya malamulo ya House of Lords idalemba mu 2020 kuti magawo 60 pa 100 a phindu la makampaniwa amachokera kwa anthu 5 pa 100 omwe ali kale pa vuto la juga kapena ali pafupi kugweramo. Chaka chomwecho nyuzipepala ya The Guardian idaulula, kuchokera mu zikalata za Gambling Commission, kuti pa kampani ina magawo 83 pa 100 a ndalama zonse zoikidwa ankachokera kwa makasitomala 2 pa 100 okha. Anthu ochepa amenewa ankapatsidwa wowasamalira wawowawo, wowaimbira foni ndi kuwatchula dzina, matikiti a mpira, mphatso, ndi kubwezeredwa kagawo ka zomwe aluza kuti asakhumudwe n'kuchoka. Dziwani kuti VIP pa juga sakhala wowina kwambiri. Wowina mobwerezabwereza pa mpira amachepetseredwa ndalama yomwe angaike, pena akaunti yake imatsekedwa. Amene amalandira ulemuwo ndi woluza zambiri.

Mu March 2020 kampani ya Betway idalipira chindapusa cha mapaundi 11.6 miliyoni. Mwa zina, idalola kasitomala wina wa VIP kuika mapaundi oposa 8 miliyoni n'kuluza oposa 4 miliyoni pa zaka zinayi popanda kufufuza mokwanira kumene ndalamazo zinkachokera. Mu March 2023 makampani a gulu la William Hill adalipira mapaundi 19.2 miliyoni, ndipo chimodzi mwa zolakwa chidali chakuti munthu wina adatsegula akaunti yatsopano n'kuononga mapaundi 23,000 pa mphindi 20 popanda womufunsa.

Apa pali mfundo yomwe otsatsa njira zosungira makasitomala sakonda kuitchula. Zizindikiro zomwe zimauza kompyuta kuti uyu ndi kasitomala wamtengo wapatali ndi zomwezo zomwe zimasonyeza kuti munthu akumira: kuika ndalama kangapo usiku umodzi, kusewera mpaka mbandakucha, kukweza ndalama atangoluza, kusintha maganizo pa kutapa. Kampani imaziona zonsezi munthuyo asanaziuze ngakhale mkazi wake. Ingathe kumuimbira kuti apume, ingathenso kumutumizira bonasi, ndipo dipatimenti yomwe imayesedwa ntchito ndi kuchuluka kwa obwerera sivuta kudziwa chomwe ingasankhe ikasiyidwa yokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limawerengera vuto la juga m'gulu la matenda a chizolowezi chosaletseka, moyandikana ndi la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Kunena chilungamo, si njira zonse zosungira kasitomala zomwe zili zachinyengo. App yopepuka yosadya bandulo, yotseguka ngakhale netiweki ili yofooka, yolipira mwachangu munthu akawina, yokhala ndi munthu woyankha dandaulo, imasunga anthu pa zifukwa zomwe sitolo iliyonse yabwino imasungira makasitomala. Makampani ena amanenanso kuti kasitomala wobetcha zochepa kwa zaka khumi ndi wabwino kuposa woluza zonse pa miyezi itatu n'kuzimiririka, ndipo pa masamu akunena zoona. Vuto ndi lakuti phindu la miyezi itatu limaoneka mu lipoti la chaka chino.

Kwathu kuno zimenezi zidafika kudzera pa zinthu ziwiri: mpira wa ku England, umene anthu amautsatira kuposa ligi yathu, ndi ndalama za pafoni. Ku Kenya, M-Pesa yomwe idayamba mu 2007 ndi imene idatsegulira njira kampani yobetchetsa ya SportPesa mpaka kufika pothandiza timu ya Everton ya ku England. Ku Malawi Airtel Money ndi TNM Mpamba zimagwira ntchito yomweyo. Kale munthu ankayenera kuyenda kupita ku shopu, ndalama ili m'manja, anthu akumuona. Lero ndalama ya ufa ndi ya kubetcha zili mu foni imodzi, ndipo pakati pake pali nambala yachinsinsi yokha.

Njira yaikulu pa msika ngati wathu ndi tikiti ya matimu ambiri, yomwe imawina pokhapokha matimu onse akalowa, chifukwa ndi imene imalonjeza mamiliyoni pa K200. Makampani ambiri amaonjezera bonasi yomwe imakula matimu akamachuluka, ena amabweza ndalama ikakugwetsani timu imodzi. Sachita izi mwaulere. Gawo lija la K5 pa K100 limadulidwa pa timu iliyonse, ndipo limachulukitsana. Pa matimu khumi, tikiti imabweza pafupifupi K60 pa K100 iliyonse, kutanthauza kuti gawo la kampani lakwera kuchoka pa 5 kufika pa 40. Bonasi ija imangobwezako mbali ya zimenezi.

Kenako pali kandege. Gemu ya Aviator idapangidwa ndi kampani ya Spribe ndipo idatuluka mu 2019. Mukaiyang'anitsitsa muona kuti pafupifupi zonse tafotokozazi zili pa skirini imodzi. Kandege kofiira kayamba kukwera, nambala ikuchoka pa 1.00 kupita 1.30, 1.80, 2.40, ndipo muyenera kudina kasanathawe kuti mutenge ndalama yomwe mwaika itachulukitsidwa ndi nambalayo. Mukadina pa 1.50 kenako kandege n'kukafika pa 20, mumamva ngati mwaluza ngakhale mwawina. Mukadikira 2.00 n'kuthawa pa 1.97, mwaphonya pang'ono. Mbali zonse ziwiri zimakukankhirani ku ulendo wotsatira, umene ukuyamba pakangopita masekondi ochepa. Pambali pakuoneka ndalama zomwe ena akutenga, pali pocheza, pali malo awiri obetchera nthawi imodzi, ndipo pamwamba pali mzere wa manambala a maulendo apitawo. Mzere umenewu ndi umene umapangitsa anthu kukhala akatswiri a “kuwerenga” kandege, koma ulendo uliwonse sudalira womwe wapita. Ogulitsa ma signal, mauthenga olosera pothawira kandege, pa WhatsApp ndi Telegram akungogulitsa mphepo. Akadakhala kuti amadziwa pothawira kandege sakadafuna K2,000 yanu.

Spribe imanena kuti gemuyi imabweza magawo 97 pa 100. Izi zikutanthauza kuti mwayi woti kandege kafike pa 2.00 ndi wocheperako pang'ono pa theka, wofika pa 10 ndi wosakwana kamodzi pa maulendo khumi, ndipo wofika pa 100 ndi wosakwana kamodzi pa maulendo 100. Kaya mumadina msanga kaya mumadikira, gawo la kampani ndi K3 pa K100 basi. Likuoneka lochepa poyerekeza ndi K40 ya tikiti ija, koma tikiti imadulidwa kamodzi kapena kawiri pa sabata, pomwe kandege kamauluka kambirimbiri pa ola limodzi. Maulendo 300 a K1,000 ndi K300,000 yobetchedwa, ndipo gawo la kampani pamenepo ndi K9,000.

Ku Malawi juga imayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo osakwana zaka 18 saloledwa kubetcha. Kupereka chiphaso ndi kutolera msonkho ndi mbali yosavuta ya ntchito yotere. Zomwe Britain idaphunzira mochedwa ndi zakuti ngozi yeniyeni imakhala m'kapangidwe ka app: masekondi angati pakati pa maulendo, batani liti lili pafupi ndi chala, uthenga ukupita kwa yani ndipo nthawi yanji. Mu 2025 dzikolo lidafika poika malire a ndalama pa slot za pa intaneti, mapaundi 5 pa kuzungulira kumodzi kwa a zaka 25 kupita m'mwamba ndi mapaundi 2 kwa a zaka 18 mpaka 24, patadutsa zaka pafupifupi 18 chitsegulire msika.

Lamulo lina la 2021 la ku Britain lomwe silitchulidwa kawirikawiri limakakamiza slot iliyonse kuonetsa pa skirini nthawi yomwe munthu wakhala akusewera ndi ndalama zomwe waluza kapena kuwina zonse pamodzi chiyambire kusewera ulendo umenewo. Makampani sankaonetsa nambala imeneyi mwakufuna kwawo, chifukwa munthu amakumbukira tsiku lomwe adadya K150,000 koma sawerenga ma K2,000 omwe adalowa mwakachetechete miyezi isanu. Amene amabetcha kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba angathe kuipeza yekha: mauthenga onse a ndalama zopita ku kampani ndi zobwera kuchokera kumeneko ali mu foni, ndipo kuwaphatikiza a miyezi itatu n'kuchotsera sikutenga ola.